Njira Yokonza Khwangwala

Nthanoyi anandiuza mayi Nasibeko, osesa mumsewu aja, Mulungu awasunge.

Padangotero, mumzinda wa nyama, Kamba ankalephera kuwolotsa ana ake popita kusukulu chifukwa cha njati zothamanga mumsewu. Nyama zinasankha Khwangwala kuti akonze njira ya oyenda pansi, poti iye amaona mzinda wonse ali m'mwamba.

Njirayo inawongoka bwino zedi, koma inadutsa pakati pa njati zomwezo.

"Achimwene, tiwoloka bwanji apa?" anafunsa Kamba, ana atabisa mitu m'zigoba.

"Taonani, mayi," anatero Khwangwala. Anauluka, nakatera tsidya, nabwerako. "Mwaona? Sanandiponde aliyense!"

Mbalame zonse zinakupiza mapiko mokondwera.

Mayi Nasibeko anamaliza motere: "Ana a Kamba sukulu sanaionebe mpaka lero, koma Khwangwala anamuveka kolala yoyera ya m'khosi mwake ija ngati mphotho."