Fyuzi Yakufa

Mota ya magetsi ya pakona italira, aphunzitsi a zamagetsi anadzambatuka pampando. Mayeso anali atangoyamba kumene. Ophunzira ena onse anali akadakanda mitu, koma mtsikana wina wa magalasi anali akupukuta kale manja.

Mwambo wa aphunzitsiwa unali wodziwika. Tsiku la mayeso omaliza ankalawirira m'chipinda cha makina n'kuwononga mota iliyonse mwadala: apa kumasula bawuti, apo kusinthanitsa mawaya. Ankati za m'buku aliyense akhoza kuloweza, koma kuntchito makina sadwala motsatira mitu ya m'buku. Mota ya pakona anaikonzera fyuzi yakufa, yooneka bwinobwino kunja, yoti munthu atuluke nayo thukuta. M'mawa umenewo akazi awo anawaimbiranso foni ntchito ili mkati, kuwanyogodola kuti katswiri wa magetsi akulephera kukonza getsi la kubafa kwake komwe, moti tsikulo analiyamba ali okwiya kale.

Nanga mwanayu watulukira bwanji vuto msanga chonchi? Wina anamutsina khutu basi. Wosunga makiyi a chipindacho anali malume ake a mtsikanayo, ndipo chibale ndi fupa, sichiola.

Anamuitanira pambali n'kumufunsa chimene anapeza.

"Waya unapsa kuseri kwa bokosi, aphunzitsi. Ndinamva kafungo nditangoyandikira, ndiye ndinayamba ndathimitsa magetsi."

Aphunzitsi anaseka chamumtima. Ati kafungo! Za fyuzi mtsikanayu sanatchule n'komwe, poopa kuulula amene anamuuza. Aphunzitsiwo anamuuza mosapsatira kuti wobera mayeso amachotsedwa sukulu, zaka zonse wavutikazi zipita pachabe, ndipo malume akewo atula pansi makiyi lero lomwe. Mtsikanayo analumbira kuti ndi malume ake sanaonane sabata yonse. Chisoni chinawagwira ndithu, koma anauma mtima, poti injiniya wolowera pawindo tsiku lina adzaphetsa anthu.

"Dikira pomwepo, ndilembe dzina lako."

Anapisa m'thumba la jekete kufuna cholembera, zala n'kukhudza kanthu kozizira. Anakatulutsa n'kukayang'ana. Inali fyuzi yakufa ija. Foni ija itawasokoneza, mota ya pakona anaidumpha osaigwira n'komwe, ndipo za waya wopsawo panalibe ndi mmodzi yemwe ankadziwa.