Botolo la a Milutin

A Milutin anasolola botolo la rakiya, kachasu wa maplamu wotcheza okha, pansi pa bulangete n'kulipereka kwa Dokotala Snežana.

"Adokotala, timapiritsi toyerati n'ta ana. Ndibayeni jakisoni wamphamvu uja analandira anzangawa. Inenso ndine munthu."

"Bambo, chifuwa chanucho chikufuna timapiritsi tomweti," anatero dokotala. "Jakisoni uja sasankha, amapha ndi tizilombo tabwino ta m'matumbo tomwe. Kamatsala kamodzi kouma mutu, kotsegula m'mimba, ndipo kamayenda bedi ndi bedi."

"Zimenezo mukauze ana asukulu. Taonani a Radomir apo. Anapatsa abwana anu nyama yowamba, anabayidwa, masiku anayi okha chifuwa zii!"

Pa bedi la pawindo, a Radomir anasiya kusenda apulo. Nkhope inasintha. Anadzambatuka opanda silipasi, dzanja lina litagwira chitsulo cha dilipu, lina kumbuyo kwa pijama.

Wodi yonseyo, amuna asanu ndi atatu, inali ndi chimbudzi chimodzi. Posakhalitsa a Radomir anamveka m'khonde akumenya chitseko cha chimbudzicho, chomwe munali wodwala mnzawo.

"Zlatko, tuluka iwe! Wasamukira momwemo?"

"Bwerera kumbuyo, Radomir!" anakuwa wina. "Ndiwe wachinayi!"

A Milutin anamvetsera pang'ono, kenaka anameza piritsi lawo popanda madzi. Dokotala atawabwezera botolo, iwo analikankha ndi manja awiri.

"Ayi, adokotala, limeneli ndi lanu. Za jakisoni tiiwale. Mungondibwereka kiyi wa chimbudzi chanu cha madokotala chija."