Choseweretsa Chagalasi

"Musachikhudze chimenecho," anatero Fryson, n'kugwira dzanja la mkazi wake Callista lisanafike pa choseweretsa cha mphira.

Anali m'sitolo ya zoseweretsa za kuchipinda ku Washington, Loweruka masana mu 1984. Zala za Callista zinali zikadali zotupa chifukwa cha magolovesi a mphira amene ankavala pa ntchito yake ya unamwino ku Rockville.

Fryson, thukuta lili kamukamu ndi manyazi, anatola china chagalasi, chosalala.

"Mikanda yanu ya m'chiuno ija ndi yagalasi. Zaka khumi zonsezi sinakutupitsenipo."

"Mwadziwa bwanji inuyo?"

"Nanga amaiyendera ndani?"

Callista anaseka atagwira pakamwa, kenako anachikhudza. "Koma kuzizira kwake!"

Fryson anachifumbata ndi manja onse awiri, n'kumachiuzira mpweya mpaka kukafika kwa wogulitsa.