Munthu wa Ambulera

Chithunzi chija chinakana kulowa m'felemu. Mayi wa nyumbayo anachitembenuza uku ndi uku, kenako anaitanitsa sizasi.

Chinali chithunzi chakalekale, chofiirira, chomwe anachipeza m'sutikesi ya malemu bambo ake. Pampando panakhala bwana wandevu, wa jekete ndi wotchi ya tcheni. Pambali pake panaima wantchito wopanda nsapato, atamugwirira ambulera. "Agogo ako ali apa," bambo ake anamuuza kamodzi ali kamtsikana. Sanafunsenso zambiri.

Tsikulo kunkabwera kalipentala amene mwana wake wamkazi ankafuna kukwatiwa naye. Mayiyo anali atakonzeka kale kumukana, koma ankafuna kuti mnyamatayo ayambe waona chithunzicho pakhoma.

"Amayi, musadule," anatero mwanayo.

"Iwe khala chete. Timabuku tako tachikondi tija, ta ana a mafumu akale othawa ndi oweta mahatchi, takuzunguza mutu. Zija n'zapapepala. Magazi sanama. Munthu wonunkha utuchi akhale pa sofa yanga? Aone kaye komwe tinachokera, adziyeze yekha."

Sizasi inadutsa kamodzi. Wantchito uja anagwera pansi. Mayiyo anamutola ndi zala ziwiri ngati mphemvu, anamung'ambang'amba, n'kumuponya m'bini.

Kalipentala anafika masana, manja ake okakala atawabisa kumbuyo. Sanapatsidwe mpando. Pambuyo pake analowa azakhali okalamba, mlongo wa malemu aja, amene m'nyumbamo ankakumbukiridwa pokhapokha pakafunika imvi zokongoletsa nkhani.

"Taona bwino, mnyamata iwe," anatero mayiyo, akuloza khoma ndi mlomo. "Awo ndi agogo anga. Kwanuko chilipo chithunzi chotere? Kapena munapachika sowo?"

Mayiyo anaseka yekha. Kalipentala anaweramitsa mutu. Mtsikana anayang'ana zala zake.

Azakhali anasendera kukhoma pang'onopang'ono. Anapukuta magalasi awo, n'kuvala. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wa achimwene, wachipachikiranji chimunthu ichi? Ameneyu ndiye anathamangitsa mwana wake, amayi athu, chifukwa chokonda wantchito wa pakhomo." Anasisita m'mphepete mwa felemu ndi chala. "Nanga ababa wawaika kuti? Anaima apapa, atagwira ambulera. Chithunzi chawo n'chimodzi chomwechi."