Vinyo wa Chaka cha Nkhondo

Mayi wa jekete yakuda uja anakwezanso dzanja, ndipo a Tanios Kfoury anacheuka kumuyang'ana.

"Madola zikwi zisanu ndi zinayi, kwa mayi ali kumbuyoko," anatero wogulitsa, maso ali pa a Tanios. "Bwana, tikupitirira kapena mwatopa?"

A Tanios anakweza chala. Mwana wawo Elie, amene tsopano ankayendetsa munda wa mphesa wa banjalo, anawagwira mkono.

"Bambo, mwatani kodi? Vinyo wofulula nokha mukumugula ngati golide?"

"Khala chete."

Chipinda cha hotelayo mu Beirut chinali chodzaza ndi anthu osunga vinyo wakale. Patebulo la okushoni panali mabotolo asanu ndi limodzi a vinyo wofiira wa 1983, otsiriza enieni. Mwini wake, dokotala wina, anali atamwalira, ndipo ana ake anawabweretsa kudzagulitsa. Pepala la pabotolo lililonse linkanena kuti mphesa zake zinachokera paphiri la a Kfoury m'chigwa cha Bekaa, pa dothi loyera la miyala ya njereza. Vinyo ameneyu ndi amene anatchukitsa banjalo. Akatswiri akunja analemba kuti ukamumwa umamva kuzizira kwa mwala palilime, kuti mpesa wovutika kufunafuna madzi m'miyala ndi umene umabereka zokoma chotere.

A Tanios akamva zimenezi ankangoyang'ana pansi.

Chaka chimenecho cha 1983, mphesa zitangopsa, mabomba anayamba kugwa m'chigwa. A Tanios anathawitsa mkazi wawo ndi khanda kupita ku tauni ya Zahle. Atabwerera patatha sabata ziwiri, anapeza phiri lonse lili mbee, mipesa yatsala masamba okhaokha. Asilikali anali atadutsa pamenepo, ndipo kunalibe woti n'kumufunsa. Mawa lake mnansi wawo, Mitri Dagher, amene ankalima kudambo pa dothi lofiira la katondo, anabwera ndi lole yodzaza mphesa za mtundu womwewo.

"Gula izi, achimwene. Botolo silinena kumene lachokera."

A Tanios anagula, anafulula, n'kumata dzina la phiri lawo. Vinyoyo anamulawa kamodzi kokha. Anamva katondo yekhayekha, wolemera, wa matope, ndipo sanamuyikenso pakamwa.

"Zikwi khumi ndi chimodzi, kwa mayi," anatero wogulitsa.

Mayiyo anali Roula, mwana wa Mitri. A Tanios anamuona akukula, akuthamanga wopanda nsapato m'mizere ya mphesa. Lero anali katswiri woopedwa m'dziko lonse. Ankalawa kamodzi n'kutchula dothi limene mphesa zinamera, kenako n'kulemba m'nyuzipepala. Chaka chatha analemba za wofulula wina amene ankasakaniza mphesa zogula, ndipo pofika Khirisimasi munthuyo anali atatseka chipata.

Mitri anamwalira miyezi iwiri yapitayo. Anadwala nthawi yaitali, mwana wakeyo ali pambali pa bedi. Munthu akaona kuti manda ayandikira, chifuwa chake sichisunganso kanthu. Pamaliro Roula anawapatsa moni a Tanios osawayang'ana kumaso. Ndiye lero n'kubwera kuno, kudzalimbirana mabotolo amenewa? Ankafuna umboni basi. Akadzatsegula limodzi pamaso pa anzake, dzina la Kfoury lidzathera pomwepo, pamodzi ndi tsogolo la Elie ndi ana ake.

A Tanios anakwezanso chala.

"Bambo," Elie ananong'ona, "ndalama zimenezi ndi za migolo yatsopano. Mphesa zikapsa tiziika m'chiyani? M'zipewa?"

"Ndati khala chete!"

Anthu anayamba kucheuka. Mkulu wina wonenepa wa mzere wakutsogolo anaseka. "Siyirani mayiyo, a Kfoury! Kapena muli mankhwala a ukalamba m'menemo?"

A Tanios sanaseke. Roula anakweza dzanja, iwo anakweza. Anakwezanso, iwo anatsatira. M'chipindamo munangoti zii, kumveka mawu a wogulitsa okha, akudumpha uku ndi uku.

"Zikwi khumi ndi zisanu ndi chimodzi, kwa bwana. Mayi?"

Roula anawayang'ana a Tanios kwa nthawi yaitali. Dzanja lake linanyamuka pang'ono, n'kuima m'malere. Kenako linabwerera pamwendo.

Nyundo inagunda tebulo. Anthu anaomba m'manja. Elie anadzuka n'kutuluka. A Tanios anatsala pampando, mtima ukuyamba kukhazikika. Akafika kwawo adzathira vinyo yenseyo pansi, kuseri kwa nyumba, nkhani n'kuthera pomwepo.

Atakweza maso, Roula anali ataima patsogolo pawo, chikwama atachigwira ndi manja awiri.

"Amalume, mwandikanika."

"Wachedwa, mwanawe," anatero a Tanios. "Ngati uli ndi cholemba, kalembe. Umboni ulibe."

"Umboni wa chiyani?" Roula anadabwa. Maso ake anali ofiira. "Ine ndimafuna kugula kuti ndibwere nawo kwanu, ndidzagwade. Bambo anandituma asanamwalire. Okha analephera kwa zaka makumi anayi."

"Kudzagwada? Chifukwa chiyani?"

"Mphesa anakugulitsani zija sizinali zakudambo, amalume. Zathu zinapsa ndi moto wa mabomba. Inu muli ku Zahle, bambo anakwera phiri lanu ndi abale awo n'kuthyola zonse. Anakugulitsani mphesa zanu zomwe."