Mpando wa Linunda

Mayi uja anabweranso. Kalipentala atangomuona pakhomo pa shopu ndi chingwe chake cha mfundomfundo, mtima unamuwawa. Monga mwa masiku onse, mayiyo sanayang'ane mipando ina. Analunjika pa mpando wokhota uja, n'kuyala chingwe potsamira pake, n'kupukusa mutu, ulendo.

"Woyeza wako waukananso," anatero mkulu wake, akupala thabwa. "Ndinakuuza ine, m'shopu ya mipando simukhala ngamila."

Ngamila ndilo dzina limene mkulu wakeyo anaupatsa mpandowo, ndipo kunena zoona unali ndi linunda. Kalipentala anaupanga ndi thabwa lopindika limene linatayidwa kuseri kwa shopu. M'malo moliwongola, anangotsatira kupindika kwake. Potsamira panakhotera kumanzere, poika mkono pena panakwera kuposa penapo. Aka kanali koyamba kuti apange chinthu cha m'mutu mwake. Zaka zonsezi ankangokopera mipando ya pazithunzi, miyendo inayi, msana wowongoka, basi.

Anamulimbitsa mtima ndi abusa, tsiku limene analalikira kuti munthu wobisa luso lake ali ngati wobweza mphatso kwa Mwini wake isanamasulidwe n'komwe. Mawuwo anamulasa. M'mawa mwake anakatola thabwa lija.

Koma tsopano mapemphero ake anali a mkwiyo okhaokha. "Ambuye, ngati maganizo amenewa anachokera kwa Inu, mwandisandutsiranji choseketsa? Anzanga munawapatsa manja owongoka. Ine munandipatsa chiyani?"

Yankho silinkabwera. Obwera anali makasitomala, amene ankaloza ngamila, kuseka mpaka misozi, kenako n'kugula mipando ya mkulu wake. Osekawo ankawapirira. Chimene chinkamudya moyo ndi mayi wa chingwe uja. Munthu wosagula, wosafunsa mtengo, wongobwera kudzayeza manyazi a mnzake! Kodi kunyumba kwake kunalibe ntchito?

"Pofika madzulo mpando umenewu ndisauonenso pano," anatero mkulu wake. "Ukuthawitsa anthu. Ngati ukufuna zojambulajambula, ukatsegule shopu yako."

"Ndamva, achimwene."

Akanayankhanso chiyani? Shopu inali ya eni ake, zipangizo za eni ake. Mwina ndi zoona kuti mawu a akulu amakoma akagonera. Anaukokera mpandowo mkati, pakati pa utuchi, n'kuuyang'ana komaliza. Anali ataupala mpaka kusalala ngati tsaya la khanda, ndipo zimenezi zinangomuwonjezera mkwiyo. Mumtima anatsimikiza kuti akauphwanya, sadzayesanso. Adzakopera zithunzi mpaka imvi.

Anatenga hamala.

"Dikirani kaye, bambo."

Anali mayi uja, thukuta lili kamukamu, atabereka mtsikana wamkulu ndithu, miyendo ikulendewera. Sanapemphe chilolezo. Anamutsitsa pang'onopang'ono n'kumukhazika pa ngamila. Msana wa mtsikanayo, wokhotera kumanzere, unalowa m'malo mwake. Mwanayo anapuma mozama, n'kusiya dzanja la mayi ake.

"Ndazungulira akalipentala onse ndi chingwe ichi, onse amapanga yowongoka," anatero mayiyo. "Pano ndimayeza mobwerezabwereza, osakhulupirira. Bambo, anakuuzani ndani za msana wa mwana wanga?"