Khwangwala Aiwala Malonje

Padangokhala Khwangwala, amene anachoka kumudzi n'kukakhazikika m'tauni. Tsiku lina m'mawa kunafika Nkhanga, mnzake wa paubwana, miyendo ili mbuu ndi fumbi.

Kwawoko mlendo sayamba yekha kunena chimene wadzera. Amamukhazika pansi n'kumufunsa malonje. Koma Khwangwala mtima unali pa kuonetsa mnzakeyo kuti tauni yonse ili m'manja mwake.

"Achimwene, tikhale kaye pansi," anatero Nkhanga.

"Pansi mukakhala kwanu kutchire! Tiyeni mukaone nyumba zosanjikizana."

Anamuzungulitsa mumsika, anamukweza pamlatho kuti awerenge magalimoto, ndipo masana anakatera pachiwaya cha kuseri kwa depoti.

"Idyani, akulu. Tchipisi ngati izi munazionapo kumudzi?"

Nkhanga anajompha kamodzi kokha. Anapemphanso kuti akhale pansi, koma Khwangwala anali atayamba kale kulongosola za bwalo la mpira.

Dzuwa litapendeka, Khwangwala anatopa, nakhala pa nthambi.

"Nanga kumudzi mwasiya bwanji?"

"Andituma ndi mayi anu. Afooka kwambiri. Anati akuoneni dzuwa la lero lisanalowe."

"Bwanji osanena m'mawa muja?"

"Ndinadikira kuti mundifunse, achimwene."

Khwangwala anauluka osatsanzika. Pofika kumudzi anapeza mbalame zinzake zitasonkhana kale pabwalo, zili zii. Zinamupatsa malo oti akhale, ndipo anakhala pansi.

Zovala zakuda zimene anavala tsiku limenelo sanazivulebe mpaka lero.